Kuyambira Pakati

Tisiyenji wayala mabuku asanu ndi limodzi pansi,
zikuto zothothoka, fungo la katoni ndi mphemvu.
Magetsi anapita masana kuno ku Chilenje.
"Amayi, ndiyambe ndi liti?"

Lililonse lili ndi nambala yake pamsana.
A Daka, ogulitsa mabuku akale kuseri kwa msika wa Soweto,
amati tsatani nambalazo basi,
wolemba sanali chitsiru,
ankadziwa chinsinsi choyenera kugona mpaka mawa.
Mnzake wa kusukulu akukana:
lachisanu ndiye chiyambi chenicheni,
m'mene njoka zamapiko zinali mazira,
mzinda wamchere usanamire,
mfumukazi ikadali kamtsikana koopa mdima.

Ndayatsa tochi ya foni, ndatsegula chikuto.
M'kati muli dzanja la mlongo wanga Malizani,
bolopeni yofiira, nambala zakezake:
pa lachinayi analemba 1,
pa loyamba analemba 3 ndi kuzunguliza kawiri.

Sikuti anasankha.
Lachinayi ndilo analipeza,
pakhonde la sitolo mumsewu wa Chachacha,
pakati pa masokosi ndi maloko,
tsiku la malipiro ake oyamba ku galaja.
Anabwera wapansi, ya basi itathera m'buku.
Lina linafika patatha chaka
ndi madontho a tiyi wa munthu wina.
Lina linatsika ku Kitwe m'thumba la dalaivala.
Lachitatu linamudyera jekete, mu Juni.

Motero mfumukazi anaipeza ili kale nkhalamba,
ya diso limodzi, yaukali, yosakhulupirira munthu,
ndipo anadikira zaka zitatu
kuti adziwe amene analiboola.
Ndinkamuseka: ukuwerenga ngati nkhanu.
Iye, mafuta a injini m'zikhadabo, anati:
"Kodi amayi tinawapeza ali khanda?
Tinawapeza ndi zipsera kale,
ndi mayina omwe sankafuna kuti atchulidwe.
Za utsikana wawo tinazimva pamaliro,
chidutswa kwa uyu, chidutswa kwa uyo,
ndipo m'pamene tinawakhululukira."

Lachisanu ndi chiwiri sanalipeze.
Anafunsa ku Kamwala, anafunsa ku Matero,
anasiya nambala ya foni kwa a Daka,
omwe mpaka lero ndikamadutsa amapukusa mutu
ngati ali ndi ngongole kwa womwalira.
Tinamuika ku Chingwere
asakudziwa ngati mzinda uja unavuukanso.

Tisiyenji amalume ake amawadziwa pa chithunzi chimodzi,
cha kuchipatala: owonda,
chipewa chachikulu kuposa mutu.
Nayenso wayambira kumapeto.
Sakudziwa kuti m'mphepete mwa masamba awa
muli munthu wonenepa masaya, wamakani,
wolemba "bodza!" pamene mlosi walankhula,
wolemba "usalowemo iwe!" kwa mnyamata wa m'nkhani
yemwe analowamo ndithu,
ndi pena, mwa tizilembo tating'ono,
mtengo wa mabuleki a kasitomala.

Ndingamuuze za a Daka, ndipo sanama.
Ndingamuuze za mnzake, nayenso sanama.
Njira yopita m'tauni ndi zambiri,
kondakitala aliyense amalumbira kuti yake ndiyo yachidule.

Ndangokhala chete.
Mwana wagwira lachiwiri, walibweza.
Wanunkhiza lachisanu.
Kenako watenga lokutha kuposa onse,
lomatidwa ndi tepi yakuda ya mawaya,
ndipo mwagwa tikiti yofufuma,
yopindidwa kanayi, pa tsamba 212,
pomwe wina anaitanidwa kuti akadye
nati ndikubwera.

"Ili," akutero, osandiyang'ana.

Panja jenereta ya oyandikana nawo yazima.
Ana a mumsewu akukuwa kuti abwera, abwera!
Babu layaka, firiji yatsokomola.
Iye sanadzutse mutu.
Tochi ikuyakabe m'dzanja lake,
milomo ikugwedera pang'ono,
ndipo pa tsamba lachitatu waseka
pamalo pomwe pali kale mzere wofiira.